Nsima ikamakana kutsika, musathamangire kugolosale

Ndikuona kuti munthu amene akumva ululu kuseri kwa fupa la pachifuwa akamameza, mpaka phala lenilenilo kumuvuta, ayenera kuyamba wayezetsa magazi asanagule mankhwala alionse. Njira ya chakudya imadutsa m'chifuwa popita m'mimba, ndipo chitetezo cha m'thupi chikatsika, fangasi wotchedwa Candida, yemwe amakhala m'kamwa mwathu osativuta, amachulukana n'kukuta njirayo ndi zoyera ngati chambiko. Kwa amene ali ndi HIV, izi zimachitika kwambiri CD4 ikatsika pansi pa 200, ndipo bungwe la WHO limaika vutoli m'gawo lachinayi, lomaliza, la matendawa. Shuga ndi mankhwala a khansa nazonso zimamutsegulira njira fangasiyu.

Wina anganene kuti n'chilungulira chabe. Chilungulira chimaotcha mukadya kapena mukagona. Koma vuto la fangasili limabaya nthongo ili m'njira. Wina amati m'kamwa mwake mulibe zoyera, ndiye si fangasi. Ayi, m'kamwa mutha kuoneka bwino pansi pali poipa. Makapisozi a pagolosale amapha mabakiteriya okha, fangasiyo n'kusangalala. Chimene chimathandiza ndi fluconazole wa masiku 14 mpaka 21, komanso ma ARV ngati magazi atero.

Mantha amene ndikuwamvetsa ndi a khansa ya kummero, yomwe kuno ku Malawi ndi yofala zedi. Koma zimenezo zikungolimbikitsa mfundo yanga: sabata ikatha munthu akumwa fluconazole osasintha, dokotala amadziwa kuti pafunika kulowetsa kachubu ka kamera kuti aone m'katimo.