Makolo Atakwiya, Boma la Holland Linapatsa Njinga Njira Yake

Aliyense amene anapalasapo njinga pa msewu wa tala kunyanja kuno akulidziwa bwino phokoso lija. Uli pa ulendo, dengu la usipa kapena thumba la mpunga lili pa keliyala, kenaka kumbuyo kwako kumveka hutala ya lole. Sucheuka n'komwe. Umangokhotetsa mahandulo n'kutsikira m'fumbi, ndipo ngati m'mphepete mwa tala muli modyeka, monga mulili m'malo ambiri a msewu wa M5, umagwa ndi katundu yemwe. Ukadzuka n'kudzisasa umangothokoza kuti wapulumuka. Sukadandaula kwa wina aliyense, chifukwa tonse tinakula tikudziwa kuti msewu ndi wa galimoto, wanjinga ndi wongopempha njira.

Abale ndi alongo, ganizo limeneli ndi limene ndikufuna tilione bwino. Ku Ulaya kuli dziko la Holland, limene dzina lake lenileni ndi Netherlands, kumene njinga n'zochuluka kuposa anthu: njinga pafupifupi 23 miliyoni pa anthu pafupifupi 18 miliyoni. Kumeneko mwana wa sukulu, agogo ake ngakhalenso nduna ya boma amapalasa njinga tsiku ndi tsiku, ndipo pa maulendo anayi alionse, umodzi umayendedwa pa njinga. Ambiri akamva izi amati ndi chikhalidwe chawo basi, anabadwa choncho. Zoona zake n'zakuti zaka 50 zapitazo anthu amenewa ankalira maliro a pamsewu monga tikulirira ife lero.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha mu 1945, chuma cha Holland chinakwera mofulumira ndipo mabanja ambiri anagula magalimoto. Akuluakulu a mizinda anaona ngati njinga ndi chinthu cha amphawi chimene chidzatha chokha. Anagwetsa nyumba pofuna kukuza misewu, mabwalo amene ana ankasewerapo anasanduka poimika magalimoto, ndipo wanjinga anapanikizidwira m'mbali. Zotsatira zake zinali zomvetsa chisoni. M'chaka cha 1971 chokha anthu pafupifupi 3,300 anafa pa ngozi za pamsewu, ndipo oposa 400 mwa iwo anali ana.

Mmodzi mwa ana amene anafa anali wa mtolankhani wina dzina lake Vic Langenhoff. Bambo ameneyu sanangolira n'kukhala chete. Mu 1972 analemba nkhani mu nyuzipepala ya De Tijd imene mutu wake unali ndi mawu akuti Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti "Lekani kupha ana". Mawu ake anali owawa, ndipo anawasankha dala. Iye sanafune kuti imfa zimenezi zizingotchedwa tsoka, poti misewu imene inkapha anawo inachita kukonzedwa ndi anthu, ndipo anthu omwewo akanatha kuikonza mwa mtundu wina.

Makolo anamva. Anapanga bungwe la dzina lomwelo, ndipo woyamba kulitsogolera anali mayi wachitsikana, Maartje van Putten, amene pambuyo pake anadzakhala phungu wa nyumba ya malamulo ya mayiko a ku Ulaya. Iwowa sanaponye miyala. Ankatseka misewu ya m'makwalala mwawo kwa maola angapo kuti ana asewere, ankatulutsa matebulo n'kudyera pakati pa msewu, ankapalasa njinga m'chigulu mpaka kukafika kwa akuluakulu a boma. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe: ambiri mwa amene ankachita izi anali asanataye mwana, koma anadziwa kuti mawa likhoza kuwagwera. Mu 1975 kunabadwanso bungwe la anthu apanjinga limene lero limatchedwa Fietsersbond.

Chinthu china chinawathandiza mosayembekezera. Kumapeto kwa 1973 mayiko a Aluya opopa mafuta anasiya kugulitsa mafuta ku Holland, ndipo boma la nduna yaikulu Joop den Uyl linalamula kuti Lamulungu magalimoto asamayende. Izi zinachitika kuyambira mu November 1973 mpaka mu January 1974. Anthu anatuluka n'kuona misewu ikuluikulu ili zii, ana akupalasa njinga pakati pa msewu popanda wowaopseza. Akuluakulu anakumbukira mmene mizinda yawo inalili kale. Ife amene timagona pa mizere ya mafuta nthawi ndi nthawi sitifunika kuuzidwa kuti mafuta akasowa, imene imatinyamula ndi njinga yakapalasa.

Tsono apa ndi pamene boma linalowererapo, ndipo ndikupemphani kuti mumvetsetse mmene linachitira, chifukwa silinachite bwino pa tsiku limodzi. M'zaka za m'ma 1970 linapereka ndalama zoyesera njira za njinga zokhazokha m'mizinda iwiri, The Hague ndi Tilburg. Njirazo anazipatula ku msewu wa magalimoto ndipo pansi pake anapapanga pofiira kuti aliyense aone kuti apa mpa njinga. Ku The Hague eni masitolo anadandaula kwambiri poopa kuti makasitomala awo asowa poimika magalimoto. Akatswiri atafufuza anapeza kuti anthu anazikonda njirazo, koma njira imodzi yokha sinkachulukitsa kwenikweni anthu opalasa, chifukwa munthu sakhala m'mphepete mwa njira imodzi ndipo sapita malo amodzi. Mayi amachokera kunyumba, n'kudzera ku sukulu, kumsika, kenaka kuchipatala. Ngati pa ulendo wonsewo pali mphambano imodzi yoopsa, njinga aisiya.

Mzinda wa Delft unatengerapo phunziro. M'zaka za m'ma 1980 unalumikiza njira zake ngati ukonde, kumanga timilatho ndi njira zodutsa pansi pa misewu ikuluikulu, kuti wanjinga azifika paliponse osadukiza. Asodzi athu akudziwa kuti khoka likang'ambika pamodzi, nsomba zonse zimathawira pomwepo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 boma linatulutsa ndondomeko ya dziko lonse yotchedwa Masterplan Fiets, ndipo mu 1997 linagwirizana ndi makhonsolo pa dongosolo lotchedwa Duurzaam Veilig.

Mfundo yaikulu ya dongosolo limeneli ndi yosavuta, ngakhale agogo kumudzi angaimve. Munthu aliyense amalakwitsa. Mwana amatha kudumphira mu msewu, wanjinga amatha kupepesuka ndi katundu, dalaivala amatha kusinza. Choncho msewu uzimangidwa mwakuti munthu akalakwitsa, kulakwitsako kusakhale imfa yake. Pamene magalimoto akuthamanga kwambiri, njinga ikhale ndi njira yakeyake yopatulidwa ndi mpanda, mitengo kapena kamtunda. Pamene sizingatheke kuwalekanitsa, monga m'makwalala momwe mumakhala anthu, galimoto ndiyo ichepetse liwiro mpaka makilomita 30 pa ola, ndipo m'misewu ing'onoing'ono ya kumidzi makilomita 60 pa ola. Sanangodalira zikwangwani ayi. Anaika mahampu, anachepetsa misewu m'lifupi, anaikhotetsa dala, kuti dalaivala ngakhale wamakani alephere kuthamanga. Chifukwa chake n'chakuti munthu wogundidwa ndi galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola nthawi zambiri amapulumuka, pamene liwiro likafika 50 kapena 60 mwayi wopulumuka umachepa kwambiri.

Lamulo nalonso linaima kumbali ya wofooka. Ku Holland galimoto ikagunda wanjinga kapena woyenda pansi, mwini galimoto ndiye amayamba kuyankha pa za chipukuta misozi kudzera ku inshuwalansi yake. Ngati wogundidwayo ndi mwana wosafika zaka 14, pafupifupi nthawi zonse amalipiridwa zonse, ngakhale atakhala kuti mwanayo ndiye analakwitsa. Anawo nawo sangosiyidwa: ambiri akamatsiriza sukulu ya pulayimale amalemba mayeso a malamulo a pamsewu, ndipo m'sukulu zambiri amayesedwanso akupalasa njinga mu msewu weniweni, akuluakulu akuwaonerera m'makona.

Pali kanthu kena kamene ndikufuna alongo athu akamve. Njinga yotchuka kumeneko ilibe chitsulo chopingasa pakati, tcheni chake n'chophimbidwa, ndipo m'mbali mwa tayala lakumbuyo amaikamo chotchinga kuti chovala chisakodwe m'masipoko. Mayi wovala chovala chachitali amakwera bwinobwino, mwana mmodzi kutsogolo wina kumbuyo. Kwathu kuno ndi atsikana angati amene amasiya kupalasa akangokula, osati chifukwa chosafuna koma chifukwa njinga imene ili pakhomo sigwirizana ndi chitenje? Ku Holland akazi amapalasa mofanana ndi amuna, mwinanso kuposa.

Lero dzikolo lili ndi njira za njinga zotalika makilomita pafupifupi 35,000. Ku siteshoni ya sitima ya mu mzinda wa Utrecht anamaliza mu 2019 nyumba yosungiramo njinga 12,500. Komabe tisanamizane kuti kumeneko ngozi zinatha. Mu 2023 anthu 684 anafa pa misewu, ndipo 270 mwa iwo anali apanjinga, ambiri okalamba, enanso okwera njinga zamagetsi zimene zimathamanga kuposa mmene thupi la nkhalamba lingapirire ikagwa. Koma yerekezani ndi 3,300 aja, pokumbukira kuti anthu ndi magalimoto omwe achuluka kwambiri kuchokera nthawi imeneyo.

Wina anena kuti amenewo ndi olemera, ife tilibe ndalama. Ndikuvomera kuti nyumba ya njinga 12,500 sitikuifuna ku Mangochi. Koma kumbukirani kuti iwo anachita kuvutika kunyengerera anthu kuti abwerere pa njinga, pamene ife njingayo sitinaisiyepo. Imani m'mawa pa mlatho wa Bakili Muluzi kapena pa msika wa Salima muwerenge: akabaza, amakala, ansomba, ana a sukulu, odwala opita kuchipatala atakhala pa keliyala. Dera lathu lalikulu la m'mphepete mwa nyanja ndi lachidikha ngati kwawoko. Anthu apanjinga tili nawo kale, chimene chikusowa ndi malo awo pa msewu.

Sikuti boma lathu silikudziwa. Ndondomeko ya dziko lino ya zamtengatenga ya zaka za 2017 mpaka 2037 imatchula oyenda pansi ndi apanjinga, ndipo pa msonkhano wa mayiko wa ku Stockholm mu 2020 anagwirizana kuti pamene magalimoto ndi anthu amasakanikirana liwiro lizikhala makilomita 30 pa ola. Msewu wa Liwonde kupita ku Mangochi ataukonzanso anaukuza, ndipo amene amaupalasa akudziwa kusiyana kwake ndi kale. Vuto ndi lakuti malo a m'mbali aja, pokhala opanda chotchinga, pa malo a malonda amasanduka poimika minibasi, poyala tomato ndi pokhala njinga zamoto, ndipo wanjinga yakapalasa amabwereranso pakati pa malole. Mzere wa penti sutchinga galimoto. Komanso msewu ukasalala, madalaivala amathamanga kuposa kale, moti mudzi umene unavina pa tsiku lotsegulira msewu ukhoza kuyamba kuika maliro ambiri ngati mahampu ndi podutsira ana sanaikidwe.

Za ife eni sindizibisa. Njinga zambiri zimayenda usiku zopanda nyali kapena chonyezimira, mabuleki ake ndi chidendene cha nsapato. Ana athu akamachokera ku madrasa dzuwa litapendeka, makamaka miyezi ya June ndi July pamene mdima umagwa msanga, dalaivala sawaona mpaka atawafika pafupi. Chonyezimira chakumbuyo mtengo wake ndi wochepa, ndipo bambo aliyense angathe kuona mabuleki a njinga ya mwana wake Loweruka m'mawa. Koma ndikana ngati wina anena kuti nkhani yonse yathera pomwepo. Makolo a ku Holland anauzidwanso kwa zaka zambiri kuti aziphunzitsa ana awo kusamala, ndipo anawo ankafabe mpaka pamene misewu inasinthidwa.

Nthawi yabwino yolankhula ndi pamene msewu usanathiridwe phula. Akatswiri akabwera kudzayeza ndi kulemba zizindikiro pa mitengo ndi nyumba, kawirikawiri pamakhala misonkhano ndi mafumu ndi makomiti a chitukuko, ndipo ife timangofunsa za chipukuta misozi cha mango ndi mipanda yathu. Funso limenelo ndi loyenera, koma pakhalenso mayi kapena bambo woimirira n'kufunsa kuti njinga idzadutsa pati pa msika, mahampu adzakhala angati pafupi ndi sukulu, ndipo pa mlatho wopapatiza uja mwana wa pa njinga adzathawira kuti lole ikamabwera. Funsolo lilembedwe, liperekedwe kwa khansala ndi phungu, ndipo pa msonkhano wotsatira lifunsidwenso.