Mutu 7: Nkhono ndi chigoba chake

Mvula yoyamba ikagwa mu Novembala, m'mphepete mwa mtsinje wa Namadzi ndi m'minda ya nandolo ya ku Magomero mumatuluka nkhono zikuluzikulu, zina zodzaza chikhatho. Ana akazitola, akuluakulu amawakalipira kuti atenga likodzo. Bodza limeneli laphetsa nkhono zambiri zopanda mlandu, choncho tiyambire pomwepa. Likodzo limafala kudzera mu tinkhono ta m'madzi ta mitundu ya Bulinus ndi Biomphalaria, timene timakhala m'madambo, m'ngalande za mpunga za ku Chilwa ndi m'magombe ena a Nyanja ya Malawi. Tizilombo ta likodzo timatuluka mu tinkhonoto n'kumasambira, ndipo timaboola khungu la munthu amene wasamba kapena kuchapa m'madzimo. Nkhono ya kumtunda ilibe gawo pa ulendo umenewo. Ili ndi phapo, imapuma mpweya kudzera pa kabowo ka m'mbali pansi pa mlomo wa chigoba, ndipo mukaiponya m'chidebe cha madzi imamira. Vuto lake ili nalo, lina ndithu, ndipo tilipeza kutsogoloku.

Nkhono zazikulu za kuno ndi za banja limene akatswiri amalitcha Achatinidae. Yotchuka padziko lonse ndi Lissachatina fulica, imene mabuku akale amailemba Achatina fulica, ndipo kwawo ndi kum'mawa kwa Africa kuno. M'bale wake ndi Achatina immaculata, yopezeka m'Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa. Kuzisiyanitsa kwake, tembenuzani chigoba muyang'ane mzati wa m'kati pakhomo pake: wa immaculata umaoneka wofiirira ngati pinki, wa fulica ndi woyererako. Ku Ghana ndi ku Nigeria abale awo aakulu kuposa awa amagulitsidwa pamsika ngati ndiwo, ndipo ku London ana amaziweta m'mabokosi a galasi. Kuno timaziponda dala. Komatu makolo athu akalekale sankazinyoza: ofukula zakale ku phiri la Hora ku Mzimba anapeza mikanda yosemedwa kuchokera ku zigoba za nkhono, ya zaka masauzande angapo, ndipo kuphanga la Border Cave ku South Africa kuli umboni woti anthu ankawotcha nkhono n'kudya zaka 170,000 zapitazo.

Woweta nkhono ayenera kudziwa zinthu zinayi, ndipo tiziona motsatana: khola, chakudya, kuswana ndi ukhondo. Khola silivuta. Ndowa yaikulu ya pulasitiki kapena beseni lakuya, dothi losathiridwa feteleza kapena mankhwala lokwana masentimita 10 kapena kuposa, masamba ouma pamwamba, ndi chivundikiro cha sefa ya pazenera chomangidwa bwino, chifukwa nkhono ili ndi mphamvu zokankha chivundikiro chongoikapo. Neti ya udzudzu ayi: ili ndi mankhwala, ndiponso ntchito yake ndi kuteteza ana ku malungo. Ndowayo ikhale pamthunzi, pamwamba, kumene linthumbu, makoswe ndi nkhuku sizingafike.

Tisanafike pa chakudya ndiyenera kuima pa chigoba, chifukwa apa ndi pamene pafupifupi aliyense amalakwitsa. Anthu amaganiza kuti chigoba ndi chinthu chimene nkhono inatola n'kulowamo, ndipo ikakula idzasamukira m'china. Ayi. Nkhono imaswedwa nacho, imakula nacho, imafa nacho, ndipo thupi lake n'lolumikizika nacho m'kati. Mnofu wopyapyala umene uli m'mphepete mwa khomo la chigoba ndiwo umatulutsa zomangira, n'kumawonjezera mzere pa mzere kumlomo. Kansonga kakang'ono ka kumapeto ndiko kachigoba kamene inaswedwa nako. Mbali yaikulu ya kukhomo ndiyo yachaka chino. Zomangirazo pafupifupi zonse ndi kashiamu, mwala womwewo umene amakumba ku mapiri a Chenkumbi ku Balaka ndi umene ankapangira simenti ku Changalume ku Zomba.

Ndiye taganizirani mmisiri amene akumanga nyumba iye akugona momwemo, ndipo nyumbayo iyenera kukula mwezi uliwonse chifukwa mwini wake akunenepa. Mukamam'patsa nsima yokha osam'patsa njerwa, anenepa ndithu, koma khoma lidzakhala lopyapyala. Ndi mmene imakhalira nkhono yodyetsedwa nkhaka ndi letesi basi. Thupi limakula msanga, chigoba chimatsalira. Mlomo wake umakhala wofewa ngati pepala, umathetheka ukangokhudzidwa, ndipo mizere yake imatuluka yokhotakhota ndi yamabampu. Mwini wake amati nkhono yadwala. Sinadwale, ikusowa mwala.

Kutchire nkhono imadzipezera yokha. Imanyambita dothi, imapala mafupa akale ndi zigoba za zinzake zakufa. Ili ndi lilime lokhala ndi timano masauzande ambiri, ndipo usiku kukakhala zii mukhoza kuimva ikupala. Mukaona nkhono itakwera khoma lopakidwa laimu kalekale, sikuti yasochera, ikudya khomalo. Ku Florida ku America zinkapala pulasitala wa nyumba za anthu pa chifukwa chomwechi. M'ndowa mulibe khoma, mulibe mafupa. Mukapanda kuikamo kashiamu, nkhono zimayamba kupalana zigoba, ndipo mudzaona zigamba zoyera pamsana pa yofooka. Khungu lopyapyala lakunja limene limapatsa chigoba mtundu wake likapalika silimeranso, chigambacho chimakhala mpaka kalekale.

Nanga kashiamuyo achokera kuti? Ku Ulaya amagula fupa la nyama ina ya m'nyanja yamchere, ife tilibe. Tili ndi makoko a mazira, amene timataya kudzala tsiku lililonse. Atsukeni, muwawiritse, muwayanike, kenako muwasinje mu mtondo mpaka asanduke ufa. Ikani ufawo m'kambale kakekake pakona ya ndowa, usathe. Kuwaza pa chakudya chonse sikofunika, nkhono imadziwa yokha mlingo wake: yaing'ono imene ikukula ndi imene yatsala pang'ono kuikira zimapitako kawirikawiri, yokalamba imapitako mwa apo ndi apo. Laimu wothira m'munda, kapena amene alimi amasakaniza ku chakudya cha nkhuku zoikira, nayenso ndi wabwino chifukwa ndi mwala wongopera.

Koma mawu akuti laimu aphetsa nkhono za anthu. Laimu wopakira nyumba, wa m'thumba uja, ndi mwala wowotchedwa pamoto n'kuthiridwa madzi, ndipo amawotcha khungu. Amatupitsa ngakhale manja a mmisiri, nanji thupi lonyowa la nkhono. Pakhoma amazizira pakapita nthawi chifukwa mpweya umam'bwezera kukhala mwala wamba, n'chifukwa chake nkhono imadya khoma lakale koma imafa ndi laimu watsopano. Phulusa nalonso limawotcha, paja amayi amalitsira kuzungulira nazale kuti nkhono zisadutse. Choko cha kusukulu musachidalire, chambiri chimapangidwa ndi mwala wina umene sumanga chigoba bwino, ndipo china chili ndi utoto. Simenti musaiganizire n'komwe.

Chigoba chikasweka pang'ono, nkhono imadzimata yokha kuchokera m'kati bola kashiamu alipo, ngakhale chipsera chimatsala. Chikaphwanyika kwambiri mpaka za m'kati kuonekera, nthawi zambiri ndi imfa. Kusweka kwambiri kumachokera kwa ife eni. Nkhono ikamatirira pa khoma la ndowa, osaikoka ndi chigoba, mukhoza kung'amba mnofu umene umalumikiza thupi ndi chigobacho. Nyowetsani chala, muchilowetse pansi pa mutu wake pang'onopang'ono mpaka ikwere yokha. Osagwira kumlomo kumene kuli kwatsopano. M'ndowa musaikemo miyala, chifukwa nkhono imakonda kukwera mpaka kuchivundikiro ndipo nthawi zina imagwa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ananena zoona zenizeni: maso ali kunsonga kwa nyanga ziwiri zazitali, ziwiri zazifupi n'zonunkhizira ndi kukhudzira, ndipo zonse zimabwerera m'kati mukangoidzidzimutsa.

Tsopano chakudya. Nkhwani, kholowa, masamba a papaya, therere lobala, maungu, nthochi yakupsa, mango ndi papaya, zonsezi imadya. Bonongwe mupatseni mwa apo ndi apo chifukwa ali ndi asidi amene amamanga kashiamu kuti thupi lisamugwiritse ntchito. Kamodzi pa sabata, gaga wonyowetsa wosakaniza ndi ufa wa soya pang'ono amathandiza kukula. Mchere ndi poizoni: umakoka madzi m'thupi mwake mpaka kuuma ikuchita thovu, choncho makombo a ndiwo asalowe m'ndowa. Anyezi, adyo ndi mandimu ayi. Masamba ogula pamsika wa Namadzi kapena wina uliwonse atsukeni kwambiri, chifukwa alimi ambiri a kudimba amapopera mankhwala. Perekani chakudya madzulo, popeza nkhono imadya usiku, ndipo m'mawa muchotse chotsala chisanachite nkhungu.

Madzi ndi ongowaza. Dothi likhale lonyowa loti mukalifinya m'manja liumbike koma lisadonthe. A mvula kapena a pamjigo ndi abwino. A kumpopi kapena othira WaterGuard ayambe agona usiku m'chidebe chosavundikira.

Pali cholakwa china chimene chimandiwawa kuposa zonse. Mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikazizira ku Chiradzulu kuno, kapena mu Okutobala dothi likauma gwa, nkhono imadzikwirira, imalowa m'kati mwa chigoba n'kutseka khomo ndi kachivundikiro koyera kouma. Kachivundikiroko ndi mamina ake osakaniza ndi kashiamu yemwe uja, ndipo kamasiya kampata kopumira. Ikhoza kukhala choncho miyezi ingapo osadya. Ndi mmene nkhono za kutchire zimadutsira chilimwe, ndipo n'chifukwa chake zimaoneka ngati zagwa ndi mvula. Mwana akaona yake yatseka, amalira kuti yafa n'kukaitaya kudzala ili moyo. Nkhono yakufa siibisika, imanunkha koopsa ndipo imatuluka madzi akuda. Yotseka ndi yosanunkha ili m'tulo. Mukafuna idzuke, nyowetsani dothi, muiwaze madzi ofunda pang'ono, muike nkhwani pafupi, idzakankha chivundikirocho yokha. Osachiboola ndi kamtengo.

Za kuswana anthu amafunsa kuti yaimuna ndi iti, yaikazi ndi iti. Nkhono iliyonse ili ndi ziwalo zonse ziwiri. Zimafunabe kukumana ziwiri, ndipo khomo la ziwalozo lili kumanja kwa mutu, kumbuyo kwa nyanga, kumene kumaoneka katupsya koyera ikakhwima, nthawi zambiri isanathe chaka. Zikakumana, zonse ziwiri zikhoza kuikira. Imasunganso mbewu ya inzake kwa miyezi yambiri, choncho nkhono imodzi yotola kumunda ikhoza kukuikirani mazira muli odabwa. Fulica imakumba dothi n'kuikira mazira 100 kapena 200 nthawi imodzi, nthawi zina kuposa, kangapo pachaka. Ndi achikasu, pafupifupi mamilimita 5, ndipo ali ndi chikoko cholimba cha kashiamu wochokera m'thupi la make. Apa tabwereranso pa chigoba: nkhono yoikira yopanda kashiamu wokwanira imasungunula chigoba chake chomwe kuti ikutire mazira. Amaswa pakapita sabata imodzi mpaka zitatu, ndipo chakudya choyamba cha tiana ndi makoko a mazira awo omwe. Musawachotse. Tianato tisiyeni m'dothi masiku angapo, kenako mutisamutsire m'chidebe china kuti zazikulu zisatipondereze.

Funso lenileni ndi loti ana 200 mupita nawo kuti. Mu 1847 munthu wina, William Benson, anatenga nkhonozi ku Mauritius n'kukazisiya ku Calcutta, ndipo zinafalikira madera ambiri a Asia. Mu 1966 mnyamata wina anabweretsa nkhono zitatu ku Miami ku Florida kuchokera ku Hawaii, agogo ake n'kuzitayira m'munda wa maluwa. Boma la Florida linatola zoposa 18,000 ndipo linalimbana nazo mpaka 1975, n'kuwononga madola pafupifupi 1 miliyoni. Zitapezekanso mu 2011, ntchito inatenga zaka khumi ndi madola oposa 20 miliyoni. N'chifukwa chake ku America kuziweta n'kuphwanya lamulo. Kuno ndi kwawo, zili ndi adani ozidya, koma ndowa yodzaza tiana yokhuthulidwa pafupi ndi nazale ya fodya kapena ya tomato ya mnansi wanu ndi mlandu wa kwa amfumu. Fukulani dothi sabata iliyonse. Mazira amene simukuwafuna aphwanyeni asanaswe, musunge ochepa amene mungathe kudyetsa.

Vuto ndinalonjeza lija ndi nyongolotsi ya m'mapapo a makoswe, Angiostrongylus cantonensis. Nkhono ikadya ndowe za khoswe wodwala imatenga mphutsi zake, ndipo munthu akadya nkhono yosapsa, kapena masamba aawisi osatsuka amene inakwawapo, mphutsizo zikhoza kufika ku ubongo n'kutupitsa zokuta zake. Sizilowera pakhungu ngati likodzo, zimalowera pakamwa. Sambani m'manja ndi sopo mukagwira nkhono kapena dothi lake, mwana asaiike kumaso kapena kukamwa, ndipo makoswe asafike pa ndowa. Ndowe za nkhono zichotsedwe masiku angapo alionse, dothi lisinthidwe theka lokha pa mwezi, ndipo ndowayo itsukidwe ndi madzi otentha opanda sopo.