Za Makina Otchetcha Udzu a pa Thirakitala

Abale, ife a ku Limbuli, kumene mvula ya phiri la Mulanje imeretsa udzu msanga, tinazolowera chikwakwa. Koma lero tifuna kulongosola za makina otchetcha omangidwa kumbuyo kwa thirakitala, oyenera m'misewu ya m'minda ya tiyi ndi pa mabwalo akulu.

M'kati mwake muli mgolo wachitsulo wogona chopingasa, ndipo pa mgolowo palendewera timipeni tambiri. Mphamvu ichokera ku thirakitala, nidzera m'chitsulo chozungulira ka 540 pa mphindi imodzi. Popeza timipenito tingolendewera, tikagunda mwala tibwerera m'mbuyo osathyoka msanga. Ndipo udzu uphwanyika, nugwa pomwepo, nuphimba nthaka kuti isakokoloke.

Wogula ayambe wafunsa ziwiri: ngati thirakitala yake ili nayo mphamvu yokwanira, ndi ngati timipeni ndi malamba zipezeka pafupi; pakuti makina osowa zosinthira ali ngati khasu lopanda mpini. Kampeni kakatha, asinthenso kanzake ka mbali inayo, chifukwa mgolo wolemera mbali imodzi unjenjemera, nuononga makina onse. Asaiwalenso girisi.

Koma chachikulu ndi ichi: chitsulo chozunguliracho chikakola malaya, chikoka ndi mwini wake yemwe. Chikhale chophimbidwa masiku onse, ndipo munthu asapisemo dzanja injini isanazime, mgolo usanaime. Inu aphunzitsi, chenjezani ana asatsate makinawa. Pakuti udzu uphukanso, koma mkono suphuka.