Nambala 1 yomwe inathera kundende

Kwa zaka zinayi zotsatizana, kuyambira 2015 mpaka 2018, magazini ya U.S. News & World Report inkaika Fox School of Business, ya pa yunivesite ya Temple mumzinda wa Philadelphia, pa nambala 1 mwa sukulu zophunzitsa digiri ya MBA pa intaneti. Mu 2013 sukuluyi inali pa nambala 28. Itangofika pamwamba, ophunzira anayamba kukhamukirako, aliyense atakonzeka kulipira pafupifupi madola 60,000.

Wophunzira wa pa intaneti kawirikawiri sapondako pasukulu. Saona laibulale, sakumana ndi mphunzitsi pakhonde. Amakhala pa kompyuta usiku, ana atagona, n'kumayerekeza sukulu iyi ndi iyo, ndipo chomwe amadalira kwambiri ndi mndandanda wa m'magazini. Komatu ziwerengero zopangira mndandandawo zimatumizidwa ndi sukulu zomwezo. Zili ngati kuuza fisi kuti awerenge yekha mbuzi za m'khola.

Chinyengocho chinagona pa mayeso a GMAT, omwe ofuna maphunziro a zamalonda amalemba asanalowe. Magaziniyo inkachotsera mapointi sukulu yomwe ophunzira ake ochepa okha ndiwo alemba mayesowa. Pulofesa wina wa pa Fox, Isaac Gottlieb, anafufuza mpaka kutulukira kawerengedwe ka magaziniyo. Basitu sukulu inalemba kuti ophunzira atsopano onse 255 analemba GMAT, pomwe olemba enieni anali 50 okha.

Bodza linachita kunyanya. Mu Januwale 2018 tsamba la nkhani za sukulu zamalonda la Poets&Quants linatchula chiwerengero cha 100 peresenticho, ndipo ogwira ntchito ena pa Fox, omwe ankadziwa zoona, anachita mantha. Sukulu inavomera kwa U.S. News kuti ziwerengerozo n'zolakwika, n'kuchotsedwa pamndandanda.

Mkulu wa sukuluyi, Moshe Porat, anachotsedwa paudindo mu Julaye chaka chomwecho. Khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wachinyengo mu Novembala 2021, ndipo mu Malichi 2022 linamulamula kukakhala kundende miyezi 14 ndi kulipira chindapusa cha madola 250,000. Yunivesite nayo inagwirizana zolipira madola oposa 5 miliyoni kwa ophunzira omwe anaisumira, ponena kuti anapereka fizi yonseyo chifukwa cha nambala 1 ija.