Shuga wa kumtundu: muzu wake uli m'kapamba

Si aliyense wodwala shuga amene ndi wonenepa kapena wachikulire. M'mabanja ena matendawa amagwira agogo, kholo ndi mwana, ndipo amayamba munthu asanakwanitse zaka 25.

Kapamba ali ndi maselo opanga insulini, amene amathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi. Kakulidwe ndi ntchito ya maselowa zimatsata malangizo a majini amene mwana amatengera kwa makolo. Mwana akalandira jini ya PDX1 yolakwika kuchokera kwa bambo ndi mayi omwe, atha kubadwa wopanda kapamba. Vuto likakhala pa jini ya HNF1A, maselo amakhalapo koma amatulutsa insulini wochepa. Umenewu ndi mtundu umodzi wa shuga wotchedwa MODY, ndipo kholo limodzi likakhala nawo, kuthekera koti mwana atengere ndi theka.

Kudziwa mtundu wa shuga kumasintha thandizo. Mu 2006, kafukufuku wotsogozedwa ndi akatswiri a ku Exeter, ku England, anasonyeza kuti ambiri mwa odwala shuga woyamba ali makanda chifukwa cha jini ya KCNJ11 atha kumwa mapiritsi monga glibenclamide m'malo mobaya insulini. Komabe kusintha mankhwala ndi udindo wa dokotala yekha.

Kuyeza majini kumafuna zipangizo zapamwamba, koma kufotokoza mbiri ya banja sikulira ndalama. Anthu a m'boma la Rumphi amene shuga amayenda kumtundu kwawo ayenera kukayezetsa msanga, kaya pachipatala cha boma kapena cha David Gordon Memorial ku Livingstonia, n'kuuza dokotala achibale amene anadwalapo komanso msinkhu umene anayambira.