Kutsekemera kopanda shuga m'dera la nzimbe

Okutobala akafika ku Chigwa cha Shire, dzuwa limaswa mtengo. Pa Nchalo, pa Ngabu mpaka pa Bangula malonda oyenda amakhala a zozizira: mafirizesi, majuwisi a m'mabotolo ndi timapaketi ta ufa wosungunula m'madzi. Mukatembenuza paketi n'kuwerenga tizilembo takumbuyo, mupeza kuti zina mwa zakumwazi sizitsekemera ndi shuga yekha. Pamalembedwa mayina monga aspartame, sucralose, saccharin kapena acesulfame K.

Izi zikuchitika kwawo kwa nzimbe, kumene fakitale ya Nchalo yakhala ikupanga shuga kuyambira m'zaka za m'ma 1960, poyamba pansi pa SUCOMA, lero Illovo, ndipo alimi a ku Kasinthula ndi Phata amadyera momwemo. Koma kwa wopanga zakumwa nkhani ndi mtengo. Sucralose amatsekemera kuposa shuga pafupifupi ka 600, aspartame ka 200, motero kaufa kochepa chabe kamakwanira ndowa.

Nanga thupi limazilandira bwanji? Munthu akadya, matumbo amatulutsa mahomoni, makamaka GLP-1 ndi PYY, amene amauza ubongo kuti mwini wakhuta. GLP-1 amathandizanso kapamba kutulutsa insulini, ndipo amachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu. Nthawi yomweyo ghrelin, homoni ya njala, imatsika. Shuga weniweni amadzutsa zonsezi. Zotsekemera zinazi zikamwedwa m'madzi okha, lilime limamva kukoma koma matumbo amakhala chete.

Mu 2025 gulu la Kathleen Page la ku University of Southern California linafalitsa zimene linapeza pa anthu 75 amene ankawamwetsa madzi, chakumwa cha shuga ndi cha sucralose pa masiku osiyana. Atamwa cha shuga, insulini ndi GLP-1 zinakwera. Atamwa cha sucralose sizinakwere, mbali ya ubongo yolamulira njala inatakataka kwambiri, ndipo anthuwo anamva njala kuposa tsiku la shuga.

Si kafukufuku yense amene amaloza komweko. Wina wotsogoleredwa ndi University of Leeds, wofalitsidwa mu 2024, anapatsa anthu mabisiketi a shuga, a stevia ndi a neotame. Njala sinasiyane, ndipo shuga wa m'magazi anali wotsikirapo kwa odya a stevia. Ndikuona kuti apa palibe chodabwitsa, pakuti bisiketi ili ndi ufa ndi mafuta, zimene matumbo amazizindikira. Vuto lili pa chakumwa chomwedwa chokha m'mimba mulibe kanthu, ndipo umu ndi momwe ana athu ambiri amamwera pochokera kusukulu.

Mu Meyi 2023 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti anthu asadalire zotsekemerazi pofuna kuchepetsa thupi, chifukwa phindu lake silioneka pakapita nthawi yaitali. Langizoli silinakhudze amene akudwala kale matenda a shuga. Kwa iwo, tiyi wothira stevia kapena sucralose akhoza kuthandiza kuti shuga asakwere, bola akambirane ndi achipatala. Koma asaganize kuti poti tiyi alibe shuga ndiye kuti mbamu za nsima ziwonjezeke.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu ndi mwana wa m'mudzi ku Nsanje, kumene chilala ndi madzi osefukira zimasinthana kulanda chakudya. Kuyambira 2012 shuga wa m'dziko muno amathiridwa vitamini A. Supuni ya shuga m'phala la mwana imapereka mphamvu ndi vitaminiyo, pamene madzi amtundu otsekemera ndi mankhwala sapereka chilichonse mwa ziwirizi. Kholo limatulutsa ndalama poganiza kuti mwana wapezako kanthu, chonsecho wangonyowetsa kukhosi.

Sikuti shugayo ndi wosalakwa. Bungwe la World Health Organization lija limati munthu wamkulu asapyole pafupifupi magalamu 50 patsiku, ngati masupuni a tiyi 12, ndipo botolo limodzi la chakumwa cha shuga limatha kudya gawo lalikulu la mlingowo. Mlimi wodula nzimbe padzuwa afunika madzi ambiri ndi chakudya chogwira m'mimba. Thobwa la mapira, kapena madzi a malambe ndi bwemba othira shuga pang'ono, zimamupatsa zimene paketi ija ilibe.