Galimoto Yakale Sitayidwa: Anthu Odekha Akuukitsa Mainjini Ndi Mipando Yacikopa

M'midzi ndi m'matauni a m'Cigawo ca Kum'mawa, kuyambira ku Nyimba kufikira ku Lundazi, si cacilendo kuona galimoto yakale itakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Eni ace ambiri anataya nayo mtima kale-kale. Koma alipo anthu ena owerengeka amene akaona galimoto yotere mitima yao siikhazikika. Iwowa sali amakanika olembedwa nchito ku garaji ai. Ena ndi aphunzitsi, ena ndi alimi, ena ndi makalaliki opuma pa nchito, ndipo amagwira sipanala pa Ciweru masana cifukwa ca kuikonda cabe nchitoyo.

Nchito imeneyi ingapatse banja galimoto yonyamula cimanga ndi odwala kwa zaka zambiri. Ingathenso kumeza ndalama zonse za thonje kapena fodya za caka cathunthu, galimotoyo n'kukhalabe pa njerwa pomwepo. Kusiyana kwa ziwirizi kwagona pa kudziwa cimene ciyenera kuyamba ndi cimene ciyenera kutsiriza.

Kumene luso limeneli linacokera

Dziko la Zambia linaphunzira kusunga magalimoto akale m'nthawi ya mabvuto. Pamene Ian Smith analengeza ufulu wacinyengo wa Rhodesia pa 11 November 1965, njira ya katundu yocokera kumwera inasokonezeka, ndipo mu January 1973 malire a maiko awiriwa anatsekedwa. Mtengo wa mkuwa utagwa m'caka ca 1975, ndalama zakunja zinasowa, masipeya nawo anasowa m'masitolo. Ngakhale kuti ku Livingstone kunali fakitale yolumikiza magalimoto a Fiat m'zaka zimenezo, anthu wamba ambiri sanathe kugula yatsopano. Cotero munthu anaphunzira kupanga galimoto imodzi yoyenda kucokera ku ziwiri zakufa.

Kumaiko ena anthu amacita zomwezi pa zifukwa zao. Ku Cuba, magalimoto a ku America a m'zaka za m'ma 1950 akali kuyenda m'miseu ya mu Havana, cifukwa malonda a maiko awiriwa ataletsedwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960, eni ace anayamba kusula okha zitsulo zosowa. Ku Britain ndi nkhani ya cikondi: mwezi wa November anthu amayendetsa magalimoto opangidwa caka ca 1905 cisanafike kucokera ku London kupita ku Brighton, ndipo makamu amaima m'mbali mwa mseu kudzaonerera.

Magalimoto amene okonda nchitoyi amafuna kuno kwathu ndi aja osabvuta m'kati. Land Rover, imene inayamba kupangidwa mu 1948, ili ndi thupi la aluminiyamu losacita dzimbiri, ngakhale kuti chasisi cace n'cacitsulo ndipo cimaola. Peugeot 404 inatuluka mu 1960, ndipo 504 inatsatira mu 1968. Mtundu wa 504 unapitirira kulumikizidwa ku Kenya kufikira 2004, cotero masipeya ace sanafulumire kutha mu Africa muno. Mercedes-Benz ya mtundu wa W123, yopangidwa kuyambira 1976 kufikira 1986, inachuka cifukwa ca kulimba. Onsewa alibe kompyuta yolamula injini, ndipo munthu wa maso ndi makutu abwino angapeze yekha cimene calakwika.

Coyamba ndi cosaoneka

Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mau amenewa ndiwo lamulo loyamba la wogula galimoto yakale. Penti wonyezimira angabise citsulo coola, ndipo ambiri anataya ndalama cifukwa coyang'ana pamwamba pokha.

Asanapereke ngwee iriyonse, wogula aone buku la galimoto, lija anthu amalicha "white book", ndipo ayerekeze manambala olembedwamo ndi amene anadindidwa pa chasisi ndi pa injini. Akasiyana, galimotoyo aisiye, pakuti ingakhale yakuba. Kusintha dzina la mwini ndi kupimitsa galimoto ngati iri yoyenera kuyenda pa mseu kumacitikira ku Road Transport and Safety Agency, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la mu 2002.

Mapepala akakhala bwino, munthu alowe pansi pa galimoto ndi nyundo yaing'ono, nagogode chasisi. Citsulo cabwino cimalira, koma coola cimamveka ngati dzungu ndipo cimaboola. Polowa pansipo asadalire jeki yekha. Galimoto iikidwe pa zitsulo zocirikiza kapena pa mitengo yolimba, mawilo otsala atsekedwe ndi miyala, cifukwa jeki akaterereka munthu amaphwanyidwa.

Kenaka abwere mabuleki. Mafuta a mabuleki amamwa cinyezi ca mu mpweya, n'cifukwa cace opanga magalimoto ambiri amalangiza kuwasintha pa zaka ziwiri zirizonse. Galimoto imene yakhala zaka khumi iri ndi mafuta oonongeka ndi mapaipi a mphira ong'aluka, ndipo zonsezi zifunika zatsopano. Pfumbi la m'mabuleki akale lisapemereredwe ndi pakamwa kapena ndi pampu, popeza ambiri a iwo anapangidwa ndi asbestos, amene amadwalitsa mapapo. Lipukutidwe ndi nsanza yonyowa. Matayala nawo amakalamba ngakhale asanayende. Pa tayala lopangidwa kuyambira caka ca 2000 pali manambala anai osonyeza sabata ndi caka: 2315 ndiye kuti sabata la 23 la caka ca 2015.

Injini imene yagona nthawi yaitali siilizidwa mwaphuma. Amayamba acotsa mapulagi, nathira timadontho ta oilo m'mabowo, naitembenuza ndi sipanala kuti aone ngati siinagwirane. Oilo wakale ndi petulo wakale amakhetsedwa, thanki ndi kabyuleta n'kutsukidwa. Pali cinanso cimene ambiri amaiwala: mainjini ambiri akale anapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, amene analeka kugulitsidwa m'maiko a kuno kumwera kwa Sahara pofika caka ca 2006. Mainjini ena amafuna kuti pokhala mavalavu paikidwe zitsulo zolimba, apo ai pamadyeka msanga.

Mipando ndiyo yotsiriza

Galimoto ikayamba kuyenda, kuima ndi kukhota bwino, ndipo penti atapakidwa, pamenepo m'pamene mwini amatembenukira ku mipando. Iye amene ayamba ndi mipando amadzaidetsanso ndi girizi nchito ina isanathe.

Anthu a ku mudzi amacidziwa cikopa. Amakunga naco ng'oma, amamanga naco magoli, ndipo Angoni amapanga naco zishango. Koma cikopa ca pa mpando wa galimoto cinapita m'manja ambiri. Ku fakitale cimanyikidwa m'madzi a makungwa a mitengo kapena m'mankhwala a chrome kuti cisaole, kenaka pamwamba pace amapakapo utoto wopyapyala ndi mankhwala ena oonekera ochinjiriza utotowo. Kampani ya Connolly ya ku London, imene inayamba mu 1878, inkapereka zikopa zotere kwa opanga Rolls-Royce ndi Jaguar kwa zaka zambiri.

Apa ndi pamene pali cinsinsi conse. Mpando ukaoneka wotuwa ndi wa ming'alu, kawiri-kawiri cimene catha ndi utoto wa pamwamba uja, cikopa ceni-ceni cikali camoyo pansi. Nchito tsono ndiyo kucotsa utoto wakufa ndi kuikapo wina. Kuthirapo mankhwala odayira nsapato sikuthandiza, cifukwa sangalowe pa cikopa cokutidwa. Amangokhala pamwamba kudikira malaya oyera a munthu wopita ku chalichi.

Mwini ayambe watsimikiza kuti mpando wace ndi wacikopa ndithu. Magalimoto ambiri a anthu wamba anabwera ndi mipando ya pulasitiki yofanana ndi cikopa, imene ambiri amaicha Rexine, ndipo a Mercedes-Benz anali ndi yao yochedwa MB-Tex, imene yanyenga anthu ambiri. Njira yodziwira ndiyo kusuzumira kunsi kwa mpando kumene nsonga zinapindidwira. Kumbuyo kwa cikopa kumakhala kwaubweya-ubweya, pamene kumbuyo kwa pulasitiki kumakhala nsalu yoluka. Pulasitiki iri ndi utoto wace-wace.

Kayendedwe ka nchito

Mipando imamasulidwa ndi kutulutsidwa kunja, n'kuikidwa pa mthunzi popita mphepo, kutali ndi moto ndi ana. Pa magalimoto atsopanoko okhala ndi matumba a mpweya m'mipando, batire licotsedwe waya asanakhudze kanthu.

Coyamba ndi kutsuka. Sopo wofewa, madzi ofunda pang'ono ndi burashi yofewa zikwanira. Thobvu ndilo ligwire nchito, cikopa cisanyowetsedwe ngati cobvala. Litsiro la m'misoko ndi m'makwinya licoke lonse, mpando uume wokha pa mthunzi. Kuuyanika pa dzuwa kapena pafupi ndi mbaula kumaumitsa cikopa n'kucikwinyitsa kosabwereranso.

Caciwiri ndi kucotsa mafuta. Thukuta la m'manja, mafuta odzola a m'tsitsi ndi polishi wa zaka zambiri zimalowa m'ming'alu, ndipo utoto sugwira pa mafuta. Amapukuta ndi nsanza yoyera yobviika mu sipiriti, kusintha nsanza kufikira ituluke yosada. Kenaka amakhula mopepuka ndi sandipepa wosalala kwambiri, monga wa nambala 800, kungocotsa utoto wosweka. Wokhula ndi mphamvu amapala nkhope ya cikopa, ndipo imeneyo siimeranso.

Cacitatu ndi kutseka zironda. Pong'ambika amalowetsa kansalu kolimba kunsi, namata m'mphepete ndi guluu wofewa wa zikopa. Ming'alu yakuya imadzazidwa ndi phala lace la zikopa, pang'ono-pang'ono, kudikira kuti liume asanaonjeze lina. Phala lomatira thupi la galimoto siliyenera, cifukwa limauma gwa ndi kusweka munthu akangokhalapo. Misoko yoduka isokedwe m'mabowo akale omwewo, popeza mabowo atsopano amafooketsa cikopa.

Cacinai ndi utoto. Ufunika ukhale weni-weni wa mipando yacikopa, umene umapindika pamodzi ndi cikopa. Mtundu wace uyerekezedwe ndi kacidutswa ka kunsi kwa mpando kumene dzuwa silinafike, ndipo uyesedwe pobisika cifukwa ukauma umasinthako. Kubwezera mtundu wakale n'kosabvuta. Kusandutsa mpando wakuda kuti ukhale woyera kumafuna utoto wambiri, ndipo ukapalika pang'ono cakuda cimaonekera. Ulendo woyamba amatikita ndi siponji kuti utoto ulowe m'timabowo ta cikopa. Ukauma amabwereza katatu kapena kanai, mopyapyala nthawi zonse. Wofuna kutsiriza ndi ulendo umodzi wocindikala amaona mpando wokongola madzulo, koma pakapita miyezi yowerengeka utoto umayamba kusupuka ngati khungu la njoka.

Potsiriza amapaka mankhwala oonekera aja ochinjiriza. Mpando usakhalidwe kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo kwa sabata lathunthu usanyowe kapena kusenzetsedwa katundu.

Zimene zimapha mpando

Polishi wa nsapato, oilo wa injini, mafuta ophikira ndi penti wa nyumba zaononga mipando yambiri. Mafuta amanyezimiritsa tsiku loyamba, pambuyo pace amakoka pfumbi, amanunkha ndipo amaletsa utoto wina uliwonse kudzagwiranso. Mwini adziwenso polekezera. Cikopa cimene cauma ngati katoni, cong'ambika cikangokokedwa ndi zala, cafa ndipo utoto sungaciukitse. Cigawo cimeneco cipite kwa wosoka mipando kuti aikepo cina. Pomwepo aonenso siponji ndi masipuling'i a m'kati, amene makoswe amakonda kumangamo zisa.

Mdani wamkulu wa mpando wokonzedwa ndi dzuwa la mwezi wa October. Galimoto iimikidwe pansi pa mtengo kapena m'cisakasa ca udzu, ndipo ponyamula matumba a feteleza kapena nkhuku payalidwe bulangeti. Kupukuta ndi nsanza yonyowa pang'ono kamodzi pa mwezi kumasunga utoto zaka zambiri.

Banja limene liri ndi galimoto yogona kuseri kwa nyumba likhale pansi liwerengere ndalama lisanamasule bauti ngakhale limodzi: zingati za mabuleki, zingati za matayala, zingati za injini, ndipo za mipando zilembedwe pa mzere wotsiriza. Zikapanda kukwanira caka cino, mabuleki akonzedwe, mipando ifundidwe citenje kudikira zokolola za caka ca mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.